Nkhawa ya ana a Fomu 4 inatsikadi, koma inatsitsidwa ndi chiyani?

Wophunzira wina wa chaka chomaliza pa imodzi mwa sukulu zaukachenjede za mu Blantyre muno, yemwe amakhala ku Zingwangwa, walemba motere:

"Aphunzitsi, ndathedwa nzeru. Pa kafukufuku wanga wa saikoloje ndinkafuna kuona ngati kuphunzitsa ana a Fomu 4 kupuma mpweya pang'onopang'ono kungachepetse nkhawa ya mayeso. Ndinapita pa sekondale ina yoyendera ku Ndirande kutatsala sabata imodzi kuti alembe moko, ndipo ndinawafunsa mafunso oyezera nkhawa amene ndinawapeza pa intaneti n'kuwamasulira ndekha m'Chichewa. Ndinasankha ana 30 amene nkhawa yawo inaposa ya anzawo, n'kumakumana nawo kawiri pa sabata kwa masabata 6. Ana 8 anasiyira panjira, koma 22 otsalawo nditawawerengeranso mafunso omwe aja, nkhawa inali itatsika kwambiri. Pofuna kuyerekeza ndinafunsanso kawiri kalasi yonse ya pa sukulu ina ku Chilomoni, yomwe sinaphunzire njirayi, ndipo iwo sanasinthe kwenikweni. Ndimayesa ndamaliza, koma supavaiza wanga wangolemba pamwamba pa lipoti kuti validity palibe. Kodi akutanthauza chiyani, nanga ntchito yonseyi yapita m'madzi?"

Achemwali, choyamba mtima ukhale m'malo, chifukwa ntchito yanu sinapite m'madzi. Mwakwanitsa mbali imene imakanika ophunzira ambiri, yomwe ndi kulowa pa sukulu yeniyeni, kumvana ndi aphunzitsi a pamenepo, ndi kusonkhanitsa ana otanganidwa ndi mayeso kwa masabata angapo. Mawu a supavaiza wanuwo ndi ochepa ndipo akupweteka, koma sakunena kuti munapeka manambala, ndiponso sakunena kuti kupuma mpweya pang'onopang'ono n'kosathandiza. Chimene akunena n'chakuti mmene munaukonzera kafukufukuyu, palibe amene angadziwe ngati nkhawa inatsika chifukwa cha maphunziro anu kapena chifukwa cha zinthu zina zimene zinkachitika nthawi yomweyo.

Akatswiri awiri a ku America, Donald Campbell ndi Julian Stanley, ndiwo anayala nkhaniyi mwadongosolo m'chaka cha 1963. Iwo anasiyanitsa mafunso awiri. Loyamba, lomwe amalitcha internal validity, ndi lofunsa ngati chimene wofufuza anachita ndichodi chinabweretsa kusintha kumene waona. Lachiwiri, external validity, ndi lofunsa ngati zomwezo zingachitikenso kwa anthu ena, kumalo ena, nthawi ina. Pambuyo pake Campbell ndi Thomas Cook anawonjezerapo ena awiri: ngati choyezera chathu chikuyezadi chinthu chimene tikunena, komanso ngati masamu athu akutilola kunena zimene tikunenazo. Pa zaka zimene ndakhala ndikuwerenga malipoti a ophunzira, ndapeza kuti kuloweza maina amenewa sikuthandiza kwambiri poyerekeza ndi kuzolowera kudzifunsa funso limodzi lokha: kodi n'chiyani china chikanabweretsa zotsatira zomwezi ngakhale ine ndikanangokhala kunyumba? Tikafunsa funso limeneli pa ntchito yanu, mayankho akupezeka angapo, ndipo ndiyamba ndi limene ndikuliona lalikulu kuposa onse, ngakhale kuti ndi limene anthu salizindikira msanga.

Munasankha ana amene malikisi awo a nkhawa anali okwera kwambiri pa tsiku limodzi. Tiyerekeze kuti mafunso anu amapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 20, ndipo pali mtsikana amene masiku ambiri nkhawa yake imakhala cha pa 12. Tsiku limene munabweralo iye anali atauzidwa m'mawa kuti akapanda kumaliza fizi salemba moko, usiku sanagone bwino, ndipo anapeza 18. Munamulemba m'gulu lanu. Mnzake wina, yemwe masiku ambiri amakhala pa 12 pomwepo, tsikulo anadzuka bwino n'kupeza 9, ndipo munamusiya. Malikisi a tsiku lililonse amakhala ndi mbali ziwiri, mkhalidwe weniweni wa mwanayo ndi zongochitika za tsikulo. Mukasankha okwera kwambiri, mwatolera pamodzi ana ambiri amene zongochitika za tsikulo zinawakankhira m'mwamba. Mukadzawayezanso patapita masabata, fizi ija mwina yalipidwa, tulo tabwerera, ndipo mtsikana uja apeza 13 popanda aliyense kumuphunzitsa kanthu. Avereji ya gulu lonse imatsika yokha. Zimenezi amazitcha regression to the mean, ndipo Francis Galton anazifotokoza mu 1886 ataona kuti makolo aatali kwambiri amabereka ana aatali ndithu, koma amene msinkhu wawo umayandikirako msinkhu wa anthu ambiri.

Apa ndiye pagona nkhani ya ana a ku Chilomoni. Kumeneko simunasankhe okwera kwambiri ayi, munafunsa kalasi yonse. M'kalasi yonse amene anali okwera mwangozi amatsika, amene anali otsika mwangozi amakwera, ndipo avereji imakhala pafupifupi pomwe inali. Choncho chithunzi chimene munachipeza, chakuti gulu lanu latsika pomwe la ku Chilomoni silinasinthe, ndi chomwecho chimene chikanaoneka ngakhale mukanakhala kuti simunaphunzitse chilichonse. Ndikunena mosapsatira mawu chifukwa vuto limeneli ladzaza m'malipoti ambiri a mabungwe amene amasankha anthu ovutikitsitsa, n'kuwayezanso pambuyo pa pulojekiti, n'kusangalala kuti asintha. Kusankha ovutikitsitsa si kulakwa, ndipo nthawi zambiri ndiko koyenera, koma gulu loyerekezera nalonso liyenera kusankhidwa mwa njira yomweyo.

Chachiwiri ndi nthawi. Munayeza koyamba kutatsala sabata imodzi kuti moko iyambe, pamene mwana aliyense wa Fomu 4 mtima uli m'mwamba, ndipo munayeza kachiwiri moko itadutsa. Mayeso akatha nkhawa ya mayeso imatsika, ndipo ana amene inawakwera kwambiri ndi omwe imawatsikanso kwambiri. Chilichonse chochitika kunja pakati pa kuyeza koyamba ndi kwachiwiri chingathe kulowerera motere. Ife a mu Blantyre tili ndi chitsanzo chimene sitingachiiwale: aliyense amene ankayeza maganizo a ana asukulu kumayambiriro kwa 2023 anakumana ndi kuchedwa kutsegulira sukulu chifukwa cha kolera mu Januwale, kenako namondwe wa Freddy mu Malichi, amene anagwetsa nyumba ndi kupha anthu ku Chilobwe ndi madera ozungulira phiri la Soche, sukulu zina n'kusanduka misasa ya osowa pokhala. Kusintha kulikonse kwa nkhawa m'miyezi imeneyo sikukanatheka kukuika pa pulogalamu ya munthu, pokhapokha pakanakhala gulu lina lofanana limene linadutsa m'mavuto omwewo koma silinalandire pulogalamuyo. Palinso zazing'ono zimene ndingozitchula: ana amazolowera okha moyo wa Fomu 4 pamene chaka chikupita, ndipo munthu akamayankha mafunso amodzimodzi kachiwiri amakhala atadziwa kale chimene akufunsidwa. Richard Solomon anakonza mu 1949 njira ya magulu anayi yoonera ngati kuyeza koyambako kwasintha anthu, koma imafuna anthu ochuluka ndipo sindikukulangizani kuitsata pa ntchito ya msinkhu uno.

Mankhwala a mavuto onse ndatchulawa ndi amodzi, ndipo ndi otsika mtengo modabwitsa: maere. Ronald Fisher, yemwe ankagwira ntchito pa malo ofufuzira zaulimi a Rothamsted ku England m'zaka za m'ma 1920, ndiye anakhazikitsa mfundo yakuti maere ndi amene azisankha kuti ndime iti ya munda ilandire chiyani. Pa ntchito yanu zikanayenda chonchi. Mukanayeza ana onse, n'kutenga onse amene adutsa mlingo umene munauika pasadakhale, tinene kuti anawo alipo 60. Aliyense mukanamupatsa nambala, n'kupereka manambalawo kwa mnzanu wa ku koleji amene sadziwa mwana ndi mmodzi yemwe. Iye akanalemba manambalawo pa timapepala tofanana kukula, n'kutipinda mofanana, n'kutisakaniza m'beseni, n'kutola 30 toyamba kuti tikhale gulu lophunzira, totsalato gulu loyerekezera. Amene ali ndi kompyuta angathe kuchita zomwezo ndi RAND ya mu Excel. Chofunika n'chakuti inuyo kapena aphunzitsi a kalasi musakhudze kasankhidweko, chifukwa mphunzitsi wachifundo amakankhira m'gulu lothandizidwa mwana amene akumumvera chisoni, kapena amene amadziwa kuti sajomba, ndipo amachita zimenezi ndi mtima wabwino osazindikira kuti wasokoneza kafukufuku. Kutsatira kaundula n'kumati uyu uku, wotsatira uko, si maere, popeza aliyense angathe kudziwiratu kumene mwana wakutiwakuti agwere.

Maere sapangitsa magulu awiri kukhala ofanana ndendende. Ubwino wake ndi wakuti kusiyana kumene kwatsala kumakhala kwamwayi chabe, komwe masamu amatha kukuwerengera, ndipo izi zimagwira ntchito ngakhale pa zinthu zimene simunaziganizire n'komwe, monga amene amagona ndi njala kapena amene kwawo kuli matenda. Magulu onse awiri akadzatsika chifukwa cha regression to the mean ndi kutha kwa moko, adzatsika limodzi, ndipo chimene gulu lophunzira lidzaposere linzake ndicho mungachitche chanu. Mudzayeze magulu onse tsiku limodzi, makamaka pamene mayeso ena ayandikira, chifukwa ndi pamene njira yanu ikuyenera kuonetsa mphamvu. Gulu loyerekezeralo mudzaliphunzitsenso mukamaliza kuyeza, MSCE isanafike, kuti pasakhale mwana womanidwa.

Mwina mukuti ana a kalasi imodzi adzaphunzitsana, ndipo n'zoona. Zikatero kusiyana kwa magulu kumachepa, kotero kuti mungalephere kuona phindu limene lilipo. Njira yopewera zimenezi ndi kuchita maere pa sukulu osati pa ana, koma pamenepo chiwerengero chimene chimalemera ndi cha sukulu. Sukulu ziwiri, ina ku Ndirande ina ku Chilomoni, ndi chimodzi kuyerekeza ndi chimodzi, ngakhale iliyonse itakhala ndi ana 200, chifukwa ana a sukulu imodzi amagawana ahedi amodzi, aphunzitsi amodzi ndi mavuto a dera limodzi. N'chifukwa chake kafukufuku wa Friendship Bench, pulogalamu ya ku Harare yothandiza anthu ovutika m'maganizo, wotsogoleredwa ndi Dixon Chibanda ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2016, anachita maere pa zipatala zazing'ono 24. Wophunzira wa digiri yoyamba sangakwanitse zoterezi, choncho kwa inu ndi bwino kuchita maere pa ana, kuwapempha kuti asaphunzitsane mpaka kumapeto, ndi kulemba poyera m'lipoti kuti kuphunzitsana kunali kotheka.

Tsopano za ana 8 amene anasiyira panjira. Amenewa ndi oposa mmodzi mwa anayi alionse, ndipo funso ndi lakuti anali ndani. Anthu sasiya mwamaere. Amasiya amene sakuona phindu, amene nkhawa yawachulukira mpaka sakufunanso kuikamba, amene abwezedwa chifukwa cha fizi, kapena mtsikana amene akuyenera kufulumira kunyumba kukaphika ndi kutunga madzi. Ngati otsalawo ndi amene zinkawayendera bwino, ndiye kuti avereji yanu yomaliza ndi ya okhutira okhaokha. Lamulo labwino ndi lakuti aliyense amene analowa m'gulu awerengedwe m'gulu lomwelo mpaka kumapeto, kaya anabwera kamodzi kaya sanajombeko, ndipo muyesetse kumupeza pa tsiku loyeza komaliza. Pa zimene muli nazo kale, yang'anani malikisi oyamba a ana 8 amenewa n'kuwayerekeza ndi a 22 aja, kenako muwerengenso avereji mongoganizira kuti asanu ndi atatuwo sanasinthe konse. Mudzaona nokha kuchuluka kwa kusintha kumene kwatsala.

Pali gwero lina la zolakwika limene limavuta kulivomereza, chifukwa gwerolo ndi wofufuza mwiniwake. Ku Berlin kunali kavalo wotchedwa Hans amene anthu ankakhulupirira kuti amadziwa masamu, popeza akafunsidwa ankagogoda pansi ndi phazi mpaka kufika pa yankho lolondola. Oskar Pfungst, amene anafalitsa zimene anapeza mu 1907, anaona kuti kavaloyo ankalephera ngati wofunsayo sakudziwa yankho kapena ngati kavaloyo sakumuona wofunsayo. Hans ankawerenga timayendedwe ting'onoting'ono ta mutu ndi thupi la wofunsa, timene munthuyo sankadziwa n'komwe kuti akuchita. Mu 1963 Robert Rosenthal ndi Kermit Fode anapatsa ophunzira makoswe ofanana, n'kuuza ena kuti awo ndi anzeru, ena kuti awo ndi opusa, ndipo makoswe otchedwa anzeruwo anachitadi bwino pophunzira njira zokhotakhota. Ngati chiyembekezo cha munthu chingalowe mwa kavalo ndi mwa khoswe, kuli bwanji mwa mwana wa zaka 17?

Inu ndinu amene munaphunzitsa, ndinunso amene munawerenga mafunso omaliza. Ndaonapo kambirimbiri mmene zimakhalira m'kalasi zathu: wofufuza akuwerenga funso, mwana sayankha msanga, amayamba wayang'ana nkhope ya madamu, ndipo madamu akangokweza nsidze pang'ono kapena kunena kuti "panopa zilikotu bwino, eti?" yankho latuluka kale. Mwana wakwathu kuno analeredwa kuti asakhumudwitse wamkulu, makamaka mlendo amene wakhala akukwera minibasi kudzamuona kawiri pa sabata ndipo akumudziwa dzina. Kumuuza mlendo wotere kuti maphunziro ake sanathandize ndi mwano m'maso mwa mwanayo. Martin Orne analemba mu 1962 kuti otenga nawo mbali pa kafukufuku amayesa kulota chimene wofufuza akufuna n'kuchita chomwecho pofuna kuthandiza, ndipo ine ndimaona kuti ulemu wathu, womwe ndi chinthu chabwino, umakulitsa vutoli kuposa kumene Orne ankagwirira ntchito. Chofunika ndi chakuti woyeza komaliza akhale munthu wina amene sakudziwa kuti mwana uyu anali gulu liti. Ana a Fomu 4 amatha kuwerenga, choncho ayankhe okha papepala lokhala ndi nambala m'malo mwa dzina, aponye m'katoni yotseka, inu ndi aphunzitsi awo muli panja.

Chogwirizana ndi chimenechi ndi mphamvu ya kungosamalidwa. Anthu amaitcha Hawthorne effect potengera fakitale ya Western Electric ya kufupi ndi Chicago, kumene kunachitika kafukufuku pakati pa 1924 ndi 1932, ngakhale kuti ofufuza amene anadzaunikanso manambala a kumeneko anapeza kuti nkhaniyo inakokomezedwa pofotokozedwa. Mfundo yake ikadali yomveka: ana amene akukhala pansi ndi wamkulu wowamvetsera kawiri pa sabata angathe kupepukidwa mtima ngakhale atamangocheza. Ngati funso lanu lili pa kupuma mpweya kwenikweniko, gulu loyerekezera likumanenso ndi munthu nthawi yofanana, mwina kukambirana za kagawidwe ka nthawi yowerenga, kuti chosiyana chikhale kupumako basi.

Tifike pa choyezera. Mumadziwa sikelo ya wogula nandolo imene inakonzedwa kuti izidya makilo awiri pa thumba lililonse. Muikepo thumba kakhumi, idzakupatsani nambala yomweyomweyo kakhumi, koma nambalayo ndi yabodza. Kusasinthasinthako ndiko amati reliability, ndipo si umboni wakuti choyezera chikunena zoona. Kusiyana kumeneku kukutithandizanso kumvetsa mitundu iwiri ya zolakwika. Zolakwika zamwayi, monga mwana kusamva bwino funso chifukwa cha phokoso, zimagwera uku ndi uku ndipo zimachepa mphamvu anthu akachuluka. Zolakwika zopendekera mbali imodzi sizichepa ngakhale mutayeza ana 1,000, zimangokupatsani chidaliro chachikulu pa yankho lolakwika.

Mafunso amene munawamasulira nokha angakhale ndi mavuto a mtundu wachiwiriwu. Ambiri analembedwera ana a ku America kapena ku Ulaya, ndipo ena ali ndi zining'a zimene zikamasuliridwa liwu ndi liwu mwana amayesa mukufunsa za kutsekula m'mimba. Mafunso okhudza kugunda kwa mtima, thukuta ndi kupweteka kwa mutu angayankhidwe kuti inde ndi mwana amene ali ndi malungo kapena amene sanadye kanthu chiyambire m'mawa. Njira yovomerezeka ndi yakuti anthu awiri amasulire payekhapayekha, wachitatu amene sanaone zoyambirira abwezere m'Chingerezi, kenako mukhale pansi kuona pamene tanthauzo lasochera. Mukatero yesani pa ana ochepa a sukulu ina, ndipo pa funso lililonse muziwapempha kuti anene m'mawu awoawo chimene amva kuti akufunsidwa. Gawo limeneli ndi limene limaulula zambiri. Yambaninso mwafufuza ngati pali choyezera chimene chinayesedwa kale kuno. Mwachitsanzo SRQ-20 ya bungwe la WHO, yokhala ndi mafunso 20 oyankha inde kapena ayi, inamasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pakati pa amayi a ana aang'ono, zotsatira zake n'kufalitsidwa mu 2009. Koma kuyesedwa kumeneko kunali kwa amayi komanso kwa matenda okhumudwa, choncho sikukupatsani chilolezo choigwiritsa ntchito ngati choyezera nkhawa ya mayeso mwa achinyamata.

Za masamu ndinena mwachidule. Kuti mukhale ndi mwayi wa 80 pa 100 wopeza kusiyana kwapakatikati pakati pa magulu awiri, pa mlingo wozolowereka wa 0.05 (umene umalola kuti kamodzi pa 20 kusiyana kuoneke ngati kulipodi pamene kulibe), mumafunika anthu pafupifupi 64 m'gulu lililonse, ndipo pulogalamu yaulere ya G*Power imawerengera zimenezi. Ndi anthu ochepa mungalephere kuona phindu lenileni, ndipo mukaliona limaoneka lalikulu kuposa mmene lilili. Chenjeraninso ndi chilakolako choyesa zinthu zambirimbiri mpaka china chituluke, monga anyamata okha, atsikana okha, funso ili lokha, chifukwa mukayesa zinthu 20 motere, chimodzi chimayembekezeka kuoneka chopambana mwamwayi chabe. Lembani pasadakhale chinthu chimodzi chachikulu chimene mudzayeze ndi mmene mudzawerengere, n'kusiya kope kwa supavaiza kapena kulembetsa pa tsamba la pa intaneti la Open Science Framework. Musaganize kuti awa ndi matenda a ophunzira okha. Mu 2015 gulu lalikulu la ofufuza linabwereza kafukufuku 100 wa saikoloje wofalitsidwa m'magazini otchuka, ndipo pafupifupi 36 pa 100 alionse ndi amene anatulutsanso zotsatira zodutsa mlingo uja.

Pa funso lakuti zotsatira zingafike patali bwanji, khalani odzichepetsa. Joseph Henrich ndi anzake anasonyeza mu 2010 kuti anthu 96 pa 100 alionse oyezedwa m'magazini akuluakulu a saikoloje ankachokera m'maiko okhala ndi anthu 12 okha pa 100 alionse a padziko lapansi, ndipo ichi ndi chifukwa chake ntchito ngati yanu ikufunika kwambiri. Koma mfundo yomweyo ikukhudzaninso inu: zimene zapezeka pa sekondale yoyendera ya ku Ndirande sizinganenedwe zokha za sukulu yogonera konko kapena ya kumudzi ku Nsanje. Fotokozani bwinobwino ana anu kuti anali otani, owerenga aweruze okha.

Nanga muchite chiyani tsopano? Ngati nthawi ndi ndalama zatha, lembani ntchitoyi monga kafukufuku woyesera, amene amati pilot. Muli ndi zinthu zenizeni zoti munene: kuti ana anavomera kubwera, kuti ambiri anafika kumapeto, nthawi imene inali yabwino kukumana, mafunso amene anavuta. Chotsani mawu onse onena kuti maphunziro anu anachepetsa nkhawa, n'kulemba kuti malikisi anatsika, kenako mufotokoze chimodzichimodzi zifukwa zina zimene zikanawatsitsa. Oyesa ambiri amalemekeza wophunzira amene waona yekha malire a ntchito yake kuposa amene wabweretsa zotsatira zokongola zosaimika. Ngati nthawi ilipo, bwerezani pa sukulu imodzi kapena ziwiri pogwiritsa ntchito maere, woyeza wosadziwa magulu, ndi mafunso oyesedwa, ngakhale anthu atakhala ochepa kuposa 64 aja, bola mulembe kuti mwayi wopeza kusiyana kwenikweni unali wochepa.

Pali malo atatu pamene simuyenera kuyenda nokha. Poyamba, simunanene ngati munalandira chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa otenga mbali pa kafukufuku. Ana osakwana zaka 18 amafunika chilolezo cha makolo pamodzi ndi kuvomera kwa iwo eni, kuwonjezera pa chilolezo cha ahedi ndi akuluakulu a zamaphunziro. Kafukufuku wokhudza umoyo amadutsa ku makomiti monga komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences kapena National Health Sciences Research Committee, ndipo sukulu yanu ikuuzani imene ikukukhudzani. Mukasintha kakonzedwe ka kafukufuku, komitiyo iyenera kuvomereza musanayambe. Kachiwiri, mafunso a nkhawa amavundukula zinthu zolemera. Mwana akanena kuti sakugona kwa masabata, wasiya kudya, akuchitiridwa nkhanza, kapena akuganiza zodzipha, imeneyo si nambala yoti ingolowa m'kompyuta. Musamusiye yekha, dziwitsani wamkulu womuyang'anira amene mwanayo amamukhulupirira, ndipo apite tsiku lomwelo kuchipatala cha pafupi kapena ku Queens, komwe kuli ogwira ntchito za umoyo wa m'maganizo. Dongosolo limeneli likhale litalembedwa musanafunse funso loyamba.

Kachitatu, kaonaneni ndi katswiri wa masamu a kafukufuku musanatolere china chilichonse, osati mutamaliza, pakuti safunsa anadya phula. Popita kumeneko, komanso pobwerera kwa supavaiza wanu, tengani pepala limodzi lokha. Kumanzere lembani chilichonse chimene chikanatsitsa nkhawa popanda inu, kumanja lembani chimene mudzachite kuti muchitseke, ndipo pamene mulibe chotsekera musiye mpata kuti mukambirane. Mutengenso mafunso anu m'zinenero zonse ziwiri, malikisi oyamba a ana onse 30 kuphatikizapo amene anasiya, ndi kalendala ya sukulu yosonyeza masiku a mayeso, kuti tsiku loyeza lidzasankhidwe mukuyang'ana kalendalayo.